Mfundu za M'diso

Tsiku limene mnyamatayo ankanyamuka kupita kusukulu yakutali, bambo ake anamumeta okha. Lezala lili pakhosi, anamuuza kuti, "Chizungu ukukatengacho chisadzakhale mpanda pakati pa iwe ndi ine. Munthu akadzanena za ine pamaso panga, udzandiuze zonse, ndi minga yomwe."

Iye analonjeza. Palibe amakana lezala lili pakhosi, komabe analonjeza ndi mtima wonse.

Anabwerako imvi zitayamba, msewu wonse ukumutcha Mtchona. Pamene panali kanyumba kometera anthu ka bambo ake anapeza kamnyamata kakugulitsa mabatire a foni, kosadziwa n'komwe kuti pakhomopo amuna ankavula zipewa. Galasi lalikulu lometera linali kunyumba, litayang'ana kukhoma. Mwini wake analibe nalo ntchito: diso lamanzere linazima kalekale, lamanja linali litachita ng'ala. Bambowo anamulandira mwana wawo pomupapasa kumaso.

"Wakumeta ndani? Amangidwe ameneyo."

Kuchipatala cha maso, odikira opaleshoni anandanda pabenchi, aliyense atamatidwa kapulasitala pamwamba pa diso lokakonzedwa. Namwino ankadutsa akudontheza mankhwala otanula kamwanadiso. Ena onse maso awo anatanuka n'kuda bii. La bambo a Mtchona ayi. Namwino anadontheza, nabwereranso, nadonthezanso.

"Agogo, diso lanuli n'losamva."

"Latengera mwana wangayu. Ndinamutuma kusukulu, wabwerako dzana."

Benchi yonse inaseka. Namwino sanaseke. Anapita kukanong'oneza dokotala, ndipo anawalowetsa mzere usanafike.

M'chipindamo munali mdima. Dokotala anaika chibwano cha mkuluyo pamakina, nawalitsa kamzere ka kuwala m'diso. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenukira kwa Mtchona, nayamba m'Chizungu, motsitsa mawu.

Ng'ala ilipodi, anatero, koma si yokha. M'disomo mukuyoyoka tizinthu toyera, tofanana ndi tija timagwa m'mutu munthu akamapesa. Timeneti tadya timaulusi togwira kagalasi ka m'diso, moti pochotsa ng'alayo kagalasiko kakhoza kuthothoka n'kugwera mkati. Tatsekanso njira yotulukira madzi, diso likufufuma mwakachetechete. Mwina n'zimene zinazimitsa linzake. Akalisiya, lidzazima pang'onopang'ono. Akalikhudza, akhoza kutuluka akuona, kapena kuwasiyira pomwepo kakuwala kotsalako.

"Diso ndi lawo. Asankhe okha. Muwauze."

Mtchona anali ataiwala mawu ambiri akwawo, mpaka ana ankamuseka akamafunsa njira. Koma liwu ili linabwera lokha, ndi fungo la sopo wometera lomwe: mfundu. Anakula akuzikutumula pamapewa a makasitomala. Liwu limodzi, bambo ake akanamva zonse kuposa dokotalayo.

Ndipo akanakana opaleshoniyo. Mtchona ankadziwa. M'mawa womwewo mkuluyo anali atanena kuti kachisisira kamene kamutsalira n'kokwanira kupezera khomo, sakachita nako juga. Akanavala chipewa, n'kupita kukadikira mdima pampando wake, osaonapo nkhope imene ankangoidziwa ndi zala.

"Akuti chiyani, Mtchona?"

"Akufotokoza, bambo."

"Ndamva kuti akufotokoza, sindine gonthi. Ndameta anthu moyo wanga wonse, ndimadziwa munthu akaona chilonda pamutu wa mnzake n'kutsitsa mawu. Ng'ala siitenga Chizungu chochuluka chonchi."

Dokotala anazimitsa kamzere kaja. Panja, mawilo a bedi anadutsa akulira, ndipo namwino anasuzumira pakhomo, atanyamula chovala cha opaleshoni chobiriwira chomanga kumbuyo. Mkuluyo anapapasa mumdimamo mpaka anapeza dzanja la mwana wake, naligwira pamene pamagunda mtsempha.

"Nena. Ndi minga yomwe."

"Akuti ndi ng'ala chabe, bambo," anatero Mtchona. "Palibenso china."