Madontho Atatu pa Chivundikiro

"Achemwali sachoka pano," anatero amalume a malemu ataima pakhomo. "Maliro taika dzana, anthu akubwerabe kudzapepesa."

Mlendoyo, mayi wamagalasi amene ankagwira ntchito ndi malemu ku labotale, anagwada pafupi ndi mphasa ya mayi ake a malemu.

"Amayi, ndifotokoze pang'ono. M'kati mwa fupa muli timaselo tomwe sitinasankhe chodzakhala. Tina timasanduka fupa, tina mafuta. Munthu akamakula, tambiri timathawira ku mafuta, fupa n'kumafumbwa ngati mtengo wachiswe. Mwana wanu anapeza mankhwala otibwezera ku fupa. Anasiya timaseloti m'timbale khumi ndi tiwiri. Theka anathiramo mankhwalawo, theka ayi, koma sanalembe kuti ndi titi. Anangojambula zizindikiro zake. Lero ndi tsiku lotiyeza. Tikapanda kudziwa, ntchito ya zaka zitatu ipita kudzala."

"Inu a masukulu mwalephera," anaseka amalume, "ndiye mlongo wangayu, wosainira ndi chala?"

"Zizindikiro zotani?" anafunsa mayi a malemuwo. Aka kanali koyamba kulankhula chiikireni maliro.

"Tina madontho atatu, tina kamzere."

Mayiwo anatembenukira kwa amalume. "Achimwene, ndipatsireni ndodo yanga. Opepesa muwalandire ndinu."

Amalume anang'ung'udza, koma anakwera nawo galimoto. Ankati akukasunga mlongo wawo kuti asagwe, poti chiuno cha mayiwo chinathyokapo.

Ku labotale anawaveka makhoti oyera. La amalume linakana kumangika pamimba.

"Timaselo tanu tija tonse tinasankha mafuta," anatero mayiwo. Wamagalasi anabisa kuseka.

Timbale tinatulutsidwa m'kabati yofunda. Mayiwo anaweramira pa zivundikiro, osakhudza.

"Mwana wanga ankatero ndi makala ali kamtsikana. Dzira loti nkhuku ikafungatire timaika madontho atatu. La kamzere ndi longokhala, lodya. Mankhwala ake ali mwa madonthomu. Lembani ndithu, mwanayo ndinamuphunzitsa ndine."

Wamagalasi analemba kaye mawuwo, n'kuika tsiku. Kenaka anathira utoto wogwira fupa lokha m'timbale tonse, anadikira, n'kutsukuluza. Ta kamzere tinatsala mbee, timafuta tikunyezimira pa makina oonera zazing'ono. Ta madontho, tonse tisanu ndi kamodzi, tinafiira psuu.

"Fupa!" anakuwa wamagalasi, magalasi ali m'manja. "Amayi, ndi fupa!"

Antchito ena anathamangira m'chipindamo akuwomba m'manja. Amalume anagwira aliyense chanza mwamphamvu.

"Mwana wa mlongo wanga ameneyo! Mutu umenewu ndi wakwathu, musaone mimbayi!"

Pofuna kutuluka, wamagalasi anapereka kope la malemu kuti mayiwo aligwireko lisanapite kwa akuluakulu. Patsamba loyamba panamatidwa chithunzi cha kuchipatala, cha chiuno chothyoka. Mayiwo anachizindikira, chinali chawo. Pakona pake panali madontho atatu.

Anasisita tsambalo ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, monga ankachitira poyesa dzira. Atatero anatseka kopelo, napempha cholembera. Anachigwira ngati khala, nadontheza katatu pachikuto.

"Tengani," anatero. "Mukalisunge pofunda."