Timapiritsi ta m'Tiyi wa Ababa

Ababa anga, Che Shamsudin, anadula nzimbe ku Tongaat, kudziko la eni, zaka makumi awiri ndi zitatu. Anatulukamo ndi msana wopindika, kachipinda ka lendi kuseri kwa sitolo ku Overport, ndi matenda a shuga. Komabe m'tiyi ankathira masupuni a shuga anayi odzaza, n'kumati thukuta lawo lili m'paketimo, palibe wowaletsa.

Mu 1996 anaponda msomali pabwalo, ndipo bala lake linakana kupola. Ndinawaperekeza ine, mwana wawo Zulfa, kukiliniki, chifukwa Chingelezi changa chotola m'manyuzipepala chinali chabwinoko kuposa chawo. Dokotala sanazungulire: asiye shuga lero lomwe, apo ayi chala chipita, kenako phazi lonse. Ndinawamasulira osachotsa liwu ndi limodzi lomwe. M'minibasi tinangoti zii, kuopa kuti anthu angatimve chilankhulo n'kudziwa kuti ndife obwera. Titangofika kunyumba anauza Amayi kuti ateleke tiyi.

Amayi, a Halimah, ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Westville. Abwana awo aakazi anali ndi kabotolo ka timapiritsi toyera, tating'ono ngati njere za mapira, totsekemeretsa tiyi popanda shuga. Amayi atadandaula za mwendo wa amuna awo, anapatsidwa kabotolo kamodzi. Anandionetsa tili awiri pampopi. Ine ndinati tiwauze Ababa. Iwo anati ndiye kuti bambo anga sindiwadziwa: munthu wokana ngakhale mankhwala a mutu angalole piritsi m'tiyi wake?

Ndiye ankachita chonchi. Ankawiritsa masamba ndi mkaka monga mwa masiku onse, n'kugogoda supuni pachitini cha shuga kuti phokoso limveke, koma m'kapu ankagwetsamo timapiritsi titatu tomwe ankatimanga pamfundo ya chitenje. Masabata atatu zinayenda. Ababa ankadandaula kuti tiyi akusiya kakuwawa pakhosi, Amayi n'kumanamizira madzi a m'tauni. Bala linayamba kuuma m'mbali. Ndikunena zomwe ndinaona, pakuti wolitsuka ndinali ine.

Lachisanu lina Ababa anabwerako msanga kumzikiti. Anapeza Amayi akumasula mfundo ija pamwamba pa kapu yawo.

Sanakalipe. Anatenga kapuyo, anakakhuthulira m'ngalande, n'kutumiza uthenga kwa Che Mahmoud, mkulu amene amatiweruzira nkhani za m'banja ife a ku Mangochi okhala kuno. Kwathu mkazi wobisa mankhwala pamfundo n'kumathira m'chakumwa cha mwamuna amadziwika chomwe akufuna: kumupusitsa kuti azingovomera zonse, kapena kumupha.

Che Mahmoud anabwera m'mawa mwake n'kukhala pampando wathu umodzi womwewo. Amayi anakhala pansi. Ine ndinatenga kabotolo kaja ndi kuyamba kuwawerengera zolembedwapo, koma anandidula, amvekere mwana wamkazi salowerera mlandu wa makolo ake, ndiponso botolo likhoza kunena china m'kati muli china. Amayi anatsanulira timapiritsi tisanu m'manja, anameza popanda madzi onse akuona. Che Mahmoud anapukusa mutu. Anati mankhwala otere sagwira mwini wake.

“Ngati anali abwino, munabisiranji?” anafunsa Ababa, maso ali kukhoma.

“Ndikanakuuzani mukanamwa, bambo a Zulfa?”

“Sindinakufunseni zimenezo.”

Apa mtima wanga unaphulika. Ndinanyamula chitini cha shuga n'kuchiponya panja, shuga mbwee pabwalo lonse.

“Nzimbe zinakudyani msana, Ababa, pano mukuzipatsanso mwendo? Munthu yekhayo amene akukumverani chisoni ndi uyu mwamukhazika pansiyu.”

Che Mahmoud anauza Ababa kuti aone okha momwe nyumba yawo yafikira, mpaka mwana kuwalankhula chonchi. Mkwiyo wanga unasanduka umboni wotsutsa Amayi. Mpaka lero ndimadziluma lilime ndikakumbukira.

Chigamulo chinali choti ukwati usathe, koma Amayi asawaphikirenso Ababa mpaka mtima wa Ababawo utakhazikika. Azikadya ndi kumwa kwa Che Mahmoud, nyumba zinayi kuchokera kwathu. Pa zonse zomwe zinakambidwa tsiku limenelo, palibe anatchula za phazi.

Ndinapita kwa akazi a Che Mahmoud, a Shamila, kukawachonderera kuti tiyi wa Ababa asamathiremo shuga. Anandimvetsera bwinobwino, mpaka misozi inalengeza. Kenako anati iwo sangapatse mlendo, munthu wamkulu, tiyi wa madzi okhaokha. Overport yense anganene kuti ndi oumira, kapena kuti akumunyoza chifukwa chodya pakhomo pawo. Kumeneko Ababa ankalandiridwa mwaulemu wonse: masupuni asanu, mkaka wotsekemera wa m'chitini, ndi mandasi awiri pambali.

Bala anasiya kundionetsa, ankati ine ndi Amayi tili kumodzi. Patatha mwezi ndi theka sipanafunikenso kuliona. Fungo lokha linkanena. Amayi ankachapa masokosi awo padera. Tsiku lomwe Ababa anakomoka pakhomo la mzikiti, amuna anayi anawanyamula kupita nawo kuchipatala. Mwendo unadulidwa m'munsi mwa bondo.

Atatsitsimuka, choyamba kufunsa chinali komwe mwendowo waikidwa. Sanafune kuti uwotchedwe ndi zinyalala za chipatala. Chiwalo cha Msilamu chimakwiriridwa m'manda. Che Mahmoud anayenda m'maofesi tsiku lonse mpaka anaupeza. Anaukulunga m'nsalu yoyera, anaunyamula m'manja mosamala ngati khanda, ndipo amuna asanu ndi mmodzi anamutsatira kumanda. Anthu anamuyamikira kwambiri kuti ndi m'bale weniweni.

Akazi sitipita kumanda. Ine ndi Amayi tinatsala m'wodi. Amayi anakoka mpando kufupi ndi bedi, anakonza bulangeti pamalo pomwe linaphwa, n'kufunsa chapansipansi ngati pakupweteka. Ababa anatembenukira kukhoma. Patapita nthawi anandiitana ine, osati iwo, nati ndiwauze amayi anga kuti azipita, angachedwe kuntchito.