Tsiku Limene Apongozi Anakana Kusoka

A Tepi anafika pashopu m'mawa umenewo akuyenda ngati munthu amene wabweretsa nkhani yabwino. Dzinalo analipeza chifukwa cha tepi yoyezera imene sinkachoka m'khosi mwawo. Ena ankati ngakhale posamba amangoiponyera kumsana. Anatsegula chitseko, anakankhira pakhonde chidole chopanda mutu chovekapo madiresi, kenako anatulutsa m'thumba kapaketi ka singano zatsopano.

"Lero nonse mudya zatsopano," anawauza makina awo.

Makinawo analipo atatu ndipo onse anali ndi mayina. Akale kwambiri, akuda, opalasa ndi mapazi, anali Apongozi: olemera, osayankhidwa, ndipo akakwiya msewu wonse unkadziwa. Ena anali Bwana, chifukwa phokoso lawo linkaposa ntchito. Achitatu, amagetsi, anali Kamtsikana, aliwiro ndithu koma osachedwa kunyanyala. A Tepi anazula singano zakale mwa onsewo n'kulowetsa zatsopano mopapasa, maso ali kudenga. Zala zinawauza kuti singanozi zinali zobulungira kumutu, zopanda kambali kophwatalala kamene anakazolowera, koma iwo anangoti ndi mmene akupangira masiku ano. Kodi mabatani nawo sanasinthe?

Kuyang'ana kudengako sikunali kunyada kokha. Maso anali atayamba kuwathawa. Zakutali ankaona bwinobwino, moti munthu wa buluku lolendewera ankamuzindikira ali kutsidya kwa msewu, koma zapafupi zinkasanduka utsi. Za magalasi sankafuna n'kumva komwe. Mwana wawo wachisamba anali atanenapo kangapo kuti, "Ababa, maso akatopa mudzatseke shopu, muzikapuma kunyumba." Ndipo a Tepi ankakudziwa kunyumbako: kuli mpando pansi pa mtengo, pomwe munthu amakhala tsiku lonse n'kumaweruza milandu ya nkhuku. Sabata yapitayo mwanayo anabwera ndi nsalu yobiriwira kuti amusokere diresi, ndipo anati adzabwera lero masana kudzayesa. Munthu wogula zosokeratu m'masitolo akuluakulu ameneyo! A Tepi sanali khanda. Anadziwa kuti wodzayesedwa si diresi, ndi iwo.

Posakhalitsa analowa mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene ankasoka pa Bwana kuyambira kale.

"Mwadzuka, amuna anga obwereka?"

"Ndadzuka, Mlamu. Ine ndafika dzuwa lisanatuluke, osati ena."

"Okalamba tulo mulibe. Tasunthani ndione ngati Apongozi agona bwino."

Mlamu anawerama ngati akupukuta fumbi, ndipo podzuka ulusi unali utalowa kale pasingano. Zimenezi zinkachitika m'mawa uliwonse, ndiponso ulusi ukaduka, ndipo palibe mwa awiriwa amene anazitchulapo.

A Tepi anayala zidutswa ziwiri za nsalu yobiriwira, anatsitsa kaphazi kopanira nsalu, anayamba kupalasa. Apongozi anayenda bwino, kakata kakata kakata, mpaka kumapeto. Atakweza nsaluyo, zidutswa ziwiri zija zinangosiyana ngati anthu osadziwana. Msoko panalibe, koma timabowo tokha tondondozana.

Anabwereza. Chimodzimodzi.

"Apongozi akuyenda koma sakulankhula," anatero Mlamu osacheuka. "Mwawalakwira chiyani? Munawapatsa moni polowa?"

"Usandiseke, ndili ndi ntchito ya munthu."

Anasamukira pa Kamtsikana. Kameneko kanangoti vuuu, n'kuima. Atatembenuza nsalu anapeza ulusi utapotana pansi ngati chisa cha mbalame yoledzera. Asanatukwane n'komwe, kumbuyo kwawo Bwana anakhosomola, ulusi thyo! Mlamu analowetsa wina, thyo! Anaika manja m'chiuno.

"Alamu, uwu ndi mliri. Anachita msonkhano tili kunyumba awa. Wayambitsa ndi Bwana, ndikumudziwa."

Ndiye inayamba ntchito imene telala aliyense amaidziwa, yofufuza matenda pomwe palibe. Anatulutsa mabobini a ulusi wapansi n'kuwauzira. Anathira mafuta pena paliponse pooneka ngati bowo. Anamanga lamba wa Apongozi, anamumasula, anamumanganso. Anapotokola kogwirira ulusi kupita uku, kubwerera uku. A Tepi anafika pomenya Kamtsikana ndi chikhatho.

"Musamenye mwana wa eni," anatero Mlamu. "Mudzalipira mlandu."

Pakati pa zonsezi panabwera mlonda wa sitolo yoyandikana nayo, akuyenda chammbali ngati nkhanu, buluku litang'ambika pamalo osatchulika. Anamulowetsa kuseri kwa katani n'kulandira bulukulo, kenako anamuiwala. Patapita nthawi kunamveka mawu aulemu.

"Pepani abambo, kuno kukuzizira."

"Pirirani, achimwene," anayankha Mlamu. "Muli pamzera. Patsogolo panu pali odwala atatu."

Anamusokera ndi manja, mlonda anatuluka akuthokoza, ndipo a Tepi anaseka pang'ono mosafuna. Koma kusekako sikunakhalitse. Mthunzi wa khonde unali ukufupika, ndipo diresi inali ikadali zidutswa pathebulo. Thukuta linatsika m'khosi mpaka tepi inayamba kumata. Anadziona kale atakhala pampando uja, bulangeti pamiyendo, anthu odutsa akuwafunsa kuti, "Mukupezako bwanji, agogo?" pomwe sakudwala.

Mlamu anawayang'ana, anatenga foni.

"Ndikuitana a Dokotala. Inu khalani pansi, pangani nkhope ya wodwazika. Ija ya masiku onseyo ikwana."

A Dokotala anali wokonza makina osokera a m'dera lonselo. Anafika panjinga, chikwama cha zipangizo chili kumbuyo, magalasi awo okhuthala omangidwa ndi waya mbali imodzi ali pamphuno. Anaima pakhomo n'kuvula chipewa.

"Achibale a odwala ndi ati?"

"Ndife, a Dokotala," anatero Mlamu akupinda manja. "Bambo awo ndi awa. Asakomoke, muwauze pang'onopang'ono."

"Anayamba liti?"

"Lero lomwe. Dzulo amaseka bwinobwino."

"Onse pakamodzi?" A Dokotala anaika khutu pamsana pa Apongozi n'kuzungulitsa gudumu ndi dzanja. "Mtima ukugunda. Mapapo ali bwino, kungoti mwawamwetsa mafuta ngati mukufuna kuwakazinga. Adya chiyani chachilendo?"

"Palibe," anatero Mlamu.

A Tepi anaweramitsa mutu. Funsolo linawalowa ngati kamunga. Dzanja lawo linapita lokha m'thumba la malaya, momwe munali kapaketi kaja.

Nthawi yomweyo pakhomo panada. Anali mwana wawo, chikwama paphewa, atafika msanga kuposa mmene ananenera. Anayang'ana mabobini ali mbwee pansi, lamba ali pampando, manja a bambo ake ali noninoni ndi mafuta, nsalu yake ili mmene anaisiyira kupatula kuti tsopano inali zidutswa.

"Mayi aang'ono, kuno kwagwa bomba?"

"Nthawi yoona odwala sinakwane, mwanawe. Koma lowa, ndiwe wachibale."

A Dokotala anamasula kasikuluwu n'kuzula singano ya Apongozi. Anaigubuduza pakati pa zala. Anazula ya Bwana, anazula ya Kamtsikana, anazindandalika pachikhatho. Kenako anatsitsa mutu n'kuyang'ana a Tepi pamwamba pa magalasi, nthawi yaitali ndithu.

"Odwala anu alibe matenda," anatero. "Amezetsedwa mankhwala a ng'ombe. Singano izi ndi za makina akuluakulu a kufakitale. Taonani, n'zobulungira, sizikhala malo ake, ndiye ulusi wapamwamba ukupita uku, wapansi ukudikira uko, osakumana. Papaketi amalemba. Anagula ndani?"

Kunja njinga ya munthu inaliza belu.

"Ndine," anatero Mlamu. "Ndinali pachangu."

A Dokotala anakweza nsidze. Mwana uja anayang'ana mayi ake aang'ono, amene ankatha kuwerenga nambala ya batani ali chiimire.

A Tepi anaona njira yatseguka. Akanangokhala chete, kapenanso kuwonjezera kuti, "Ndimamuuza ine mlamuyu," nkhani ikanathera pomwepo, singano zikanasinthidwa, diresi ikanasokedwa. Koma anakumbukira mmene dzulo anaimira m'sitolo, kapaketi ali nako kutali ndi nkhope ngati kakununkha, mtsikana wogulitsa akuwafunsa kuti, "Ndikuwerengereni, abambo?" iwo n'kuyankha kuti anayamba kugula singano iye asanabadwe. Ndipo apa Mlamu anali atawerama, akutola mabobini, khosi lili pansi chifukwa cha mlandu wa eni.

A Tepi anatulutsa kapaketi kaja n'kukaponya pathebulo.

"Mlamu akunama. Ndiponso sadziwa kunama, n'chifukwa chake sanalemere pautelala. Ndinagula ndine. A Dokotala, inu mukuti apa alembapo. Ine ndikuona nyerere zikupita kumaliro."

Ananena akuyang'ana khoma, kuti asaone nkhope ya mwana wawo.

A Dokotala anapukuta manja pansanza, anakoka mpando n'kuuika pakati pa shopu.

"Atatu aja ndawatulutsa, apite kwawo. Wachinayi, khalani apa."

"Ine si makina."

"Ndikudziwa. Makina amamva. Khalani."

Anavula magalasi awo n'kuwakoleka pamphuno pa a Tepi, waya uja n'kukola khutu. A Tepi anafuna kuwachotsa, koma maso anagwera pakapaketi. Nyerere zija zinaima chilili, zinafola bwinobwino, zinasanduka zilembo. Anayang'ana chikhatho chawo: mizere yonse inalipo, inali isanapite kulikonse. Anayang'ana pathebulo n'kuona fumbi limene ankalumbira kuti m'shopu mwawo mulibe. Kenako anatembenukira kwa Mlamu, amene anali ataima pafupi, ndipo anadzidzimuka zenizeni.

"Aa! Mlamu! Imvi zonsezi wazitenga kuti? Ine ndimati ndikugwira ntchito ndi mtsikana!"

"Bwezani magalasi a eni msanga," anatero Mlamu. "Ndipo musayerekeze kupita pagalasi loyeserapo zovalalo. Tilibe galimoto yokunyamulirani."

A Dokotala anaseka mpaka kugwira thebulo. Mwana uja naye anaseka, dzanja lili pakamwa, koma a Tepi, amene tsopano ankaona zinthu zosafunika kuona, anaona kuti m'maso mwake mwalengeza misozi.

"Ndiye wabwera kudzanditenga, mayi?" anafunsa a Tepi motsitsa mawu. "Kiyi ndi uyo pamsomali."

"Kiyi ndikatani naye, Ababa? Ndinkati mukapume chifukwa magalasi munkawakana. Mumafuna ndizingoonerera mpaka mudzisokerere chala kubuluku la munthu? Ndiponso amayi anandiuza kale kuti tsiku limene mudzayambe kuswera pakhomo, iwo adzayamba kuswera kuno."

"Mkulu wanga ameneyo," anatero Mlamu. "Amadziwa katundu amene anatola."

"Mawa m'mawa ndikubwera, tipite akakuyezeni maso. Mukapita, shopu ndi yanu, sindidzatchulanso. Mukathawa, kiyi uja ndidzamutengadi."

A Tepi anakhosomola, anakonza tepi m'khosi ngati tayi.

"Ndipita. Koma asakandipatse a waya ngati awa. Ndine munthu wa mafashoni."

"Wayayo ndi amene wakuchiritsani," anatero a Dokotala, akupapasa m'chikwama mwawo. Anatulutsa singano zoyenera, ndipo poti manja awo ankaidziwa ntchito, anazilowetsa osaona. Mlamu anabwezera lamba. Anayesa pakansanza: Apongozi anasoka msoko woongoka, wothinana, ngati palibe chinachitika.

A Tepi anakoka zidutswa za nsalu yobiriwira kuti ayambe, ndipo anaima. Dzanja limodzi la diresi linali lowala, linzake lothimbirira pang'ono ngati lakwiya. Analidula nsalu itatembenuzika. Anasuzumira pansi pa thebulo: chotsala chinalipo, chokwanira dzanja lina. Analipinda lolakwikalo mofulumira n'kulikhalira.

"Iwe mayi, diresi yabwino sasoka mwini wake ataima pamutu. Udzayese mawa tikamachokera kumasoko."

"Ndaona kale, Ababa," anatero mwanayo ali pakhomo. "Musalikhalire, lichita makwinya."

Atapita, a Dokotala anamanga chikwama chawo n'kutambasula dzanja.

"Magalasi anga, akulu."

"Dikirani kaye. Wodwala sanamalize mankhwala."

"Nanga ine ndiyenda bwanji panjinga?"

"Ndani wakuuzani kuti muyende? Mlamu, apatse tiyi a Dokotala."

A Tepi anayala nsalu yotsala ija, anaitembenuza uku ndi uku mpaka anatsimikiza mbali yake, anatenga choko ndi sizasi. A Dokotala anakhala pabenchi akung'ung'udza za odwala osayamika, maso ali tsinzinitsinzini ngati mwana wodzutsidwa kutulo. Mlamu anawaikira kapu pambali, iwo anatambasula dzanja n'kugwira china.

"Alamu, dulani msanga," anatero Mlamu. "Dokotala wanu akufuna kumwa mafuta a makina."