Nambala Naini wa ku Kavalamanja

Langford ankameta anthu tsitsi pafupi ndi msika wa ku Luangwa Boma. Lamulungu akaweruka ku Misa ankadzitsekera m'kanyumba kometerako n'kuyatsa gemu ya mpira pa TV. Kale pa benchi ankakhalapo awiri, iye ndi mkulu wake Dismas, msodzi wa ku Kavalamanja. Abalewa anapanga timu yawoyawo m'gemumo, osewera onse n'kuwapatsa mayina a amuna a m'kwaya ya kutchalitchi. Dismas anadzipanga yekha: dazi, ndevu, nambala naini kumsana. Ambuye anamuitana dzinja latha, koma wa m'gemuyo ankathamangabe, ndipo akagoletsa, Langford ankacheukira kumanzere kwa benchi.

Tsiku lina mwana wake Arnold, wogwira ntchito ku Lusaka, anaimba foni.

"Atate, gulani gemu ya chaka chino. Tizimenyana pa netiweki, inu kumeneko, ine kuno."

"Yasiyana pati ndi yakale? Mpira wasiya kuzungulira?"

"Majezi ni atsopano, osewera asintha matimu. Koma nkhani ni yakuti yakaleyo eni ake anaitseka pa netiweki. Sitingakumane."

"Ndiye chaka chamawa adzatsekanso iyi."

"Ee, ndiye kudya kwawo. Manje mufuna kusewera na ine kapena iyai?"

Langford ankafuna. Arnold anali asanapondenso kwawo chiikire maliro, ndipo pa foni nkhani zawo zinkathera pa moni ndi kudandaula kutentha. Koma makina a Langford anali a malo ochepa. Kuti gemu yatsopano ilowe, yakale inayenera kufufutidwa, ndipo timu yodzipangira sisamuka.

Anaipereka nkhaniyi m'pemphero, mtima osakhazikika. Kenako anakumbukira kuti katundu wa malemu satayidwa mayi wamasiye asanavomere. Bwato, maukonde ndi malaya a Dismas abale anagawana pa mwambo wake, koma ichi palibe anachiganizira. Choncho Emelina, mkazi wa malemu, atabwera kumsika ndi nsomba zouma, Langford anamuitanira m'kanyumba muja.

"Alamu, pali katundu wa achimwene amene sanagawidwe."

Anayatsa TV. Emelina anayang'anitsitsa munthu wadazi akudutsa adani ngati mphepo, kenako anaphulika kuseka.

"Uyu ndiye Dismas? Liwiro limeneli analitenga kuti? Munthu woti belu la Misa linkamupeza akali m'bwato!"

"Anadzipatsa yekha. Liwiro, mphamvu, zonse anadzaza."

"Tsitsi lokha ndiye anaopa kunama."

Anapempha kuti ayeseko. Langford anamupatsa kachipangizo koseweretsera gemuyo. Zala za Emelina sizinkadziwa podina, ndipo Dismas anatenga mpira, n'kuzungulira pamalo amodzi, n'kutuluka nawo kunja kwa bwalo.

"Eya, uyu ndiye wanga," anatero Emelina, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Langford anafotokoza za Arnold ndi za makinawo. "Mukakana, alamu, sindifufuta."

Emelina anayang'ananso nambala naini amene anangoima m'mphepete mwa bwalo, akupuma.

"Wanga ali kwa Atate, akuimba besi mophonya ngati kale. Uyu ndinu mumamusowa, osati ine. Koma Arnold ali moyo, alamu, ndipo akuitana. Mwana akaitana osayankhidwa amasiya."

Ananyamula dengu lake n'kubwerera kumsika. Langford anatsala yekha. Makina anamufunsa ngati akutsimikizadi zofufuta gemu yakaleyo. Anachita chizindikiro cha mtanda, n'kudina.

Gemu yatsopano inachedwa kulowa chifukwa netiweki inkangodukaduka, koma pofika Lamulungu inali itatheka. Udzu unali wobiriwira kuposa kale, osewera ankatuluka thukuta looneka. Zina zonse zinali zomwezo, kungoti panalibe dzina ndi limodzi lomwe la munthu amene Langford anaimbapo naye. Anasankha timu ya kunja, foni anaitsamiritsa pa botolo la sipiriti, mawu a Arnold akumveka m'kanyumba monse.

"Atate, goli wanu wagona! Mwamupatsa chakudya?"

"Khala chete, iwe. Ndinakuphunzitsa ndine."

Arnold anagoletsa, anagoletsanso, akuseka ngati ali pakhonde la kwawo. Langford anazindikira kuti nayenso akuseka. Mpira utatha, mwanayo anafunsa:

"Mwaiona bwanji? Si yabwino?"

"Ndi yomweyo, yangovala malaya ena."

"Ndiye mwataya ndalama?"

Langford anayang'ana benchi, n'kuyang'ananso foni. "Iyai. Tibwereze."

"Aa, atate, niyenda ku nchito manje. Sabata yamawa nilinso pa shifiti. Mwina inayo."

"Inayo. Mulungu akusunge, mwanawe."

Foni inazima. Kunja anthu a mpingo wina ankadutsa akuimba, kulowera kumtsinje. Pa TV osewera achilendo aja ankapatsana moni, ndipo Langford anayamba kuwerenga mayina awo mmodzimmodzi, akuyesa kuwatchula bwino.