Chotupa cha Uladi Chikwera Sitima

Uladi, wolumikiza mabogi pasiteshoni ya sitima ya Umtali ku Rhodesia, anatuluka m'chipatala chala chake cha mkombaphala chili m'bandeji. Kachotupa kolimba ngati nzama, kamene kanamera pachalapo osapweteka, dokotala anali atakachotsa n'kukaika m'botolo.

Norman, mnzake wa ku Mulanje amene ankathandiza dokotalayo, anamuperekeza mpaka pageti.

"Akuti chotere sanachionepo, achimwene. Chipita ku Salisbury akachiyeze. Chikapezeka choipa, chala adula."

Chala chikapita, ntchito ya mabogi yatha, ndi nyumba ya kampani yomwe.

Mkazi wake Vaileti atamva anagwira pakamwa.

"Bambo a Ruby, mwasiya mnofu wanu kwa alendo? Ife tsitsi lomwe timakwirira! Angakuchitireni chipongwe panjira."

M'mawa Uladi anakaima pakhomo pa chipatala mpaka Norman anatuluka ndi kaphukusi ka botolo lija kopita kusitima.

"Ndinyamula ndekha," anatero Uladi.

Anakapereka m'manja mwa Phineas, wa kwawo, amene ankayenda m'bogi ya katundu, n'kumulumbiritsa kuti wina asakagwire. Anzake a panjanji atamva anasiya ntchito, mpwepwete kuseka.

"Onani! Chotupa chikupita ku Salisbury, mwini wake sanadutsepo Odzi pafupi pomwepa!"

Wina anavula chipewa, wina anaimba likhweru. Sitima itayamba kuyenda, Uladi anathamanga nayo mpaka pothera pulatifomu, dzanja la bandeji lili m'mwamba.

Kuyambira tsikulo sitima iliyonse yochokera ku Salisbury ankaichingamira. Kudya kunamukanika.

Lachisanu lina masana, Norman anatulukira panjinga, akuliza belu, akudumphitsa matayala panjanji.

"Achimwene! Si choipa! Sichifalikira m'thupi. Chikameranso achotsanso, koma chala n'chanu!"

Uladi anataya mbendera yake yoimitsira sitima. Anagwira Norman m'chiuno n'kumuzunguza, njinga n'kugwera uko. Amuna onse anafuula, woyendetsa injini analiza wezulo, azimayi ogulitsa nthochi za ku Burma Valley n'kuyamba nthungululu asanadziwe n'komwe nkhani yake.

Phokoso litatsika, Uladi anafunsa, "Botolo libwera liti? Vaileti akufuna tikakwirire."

"Silibwera. Alisunga kuti ophunzira udokotala aziona."

Uladi anayang'ana chala chake, anachipinda, anachitambasula. Kenaka anatola mbendera ija.

"Chotupacho chikhale konko," anatero. "Chapeza ntchito."