Kontirakiti Imene Wilson Anasuta

Pa esiteti ina ya fodya kuseri kwa Mitundu, nthawi yoyamba ntchito inkadziwika ndi munthu mmodzi yekha, kapitawo, a Efulemu, ndipo nawonso ankaidziwa akadzuka. Akagona bwino, chitsulo chopachika pamtengo wa mango chinkalira dzuwa litatuluka. Akakangana ndi akazi awo, chinkalira nkhuku zisanatsike. Za tsiku lopuma ndiye musakambe. Munkangoona kuti lero chitsulo chili zii, basi mwapuma, sopo mulibe, ulendo simunakonze.

Felesiya anali atasankha fodya m'chigafa cha pamenepo zaka zisanu osadandaula. Koma tsopano mwana wake woyamba, Tamanda, amene anakulira kwa mayi ake aang'ono ku Nathenje, anali ndi chinkhoswe Loweruka likubwerali. Felesiya anapempha kudakali masabata atatu.

"Tiona," anatero a Efulemu.

Sabata yachiwiri anapemphanso. "Tiona." Lolemba la sabata yachinkhoswe a Efulemu anamaliza kuona kuja. "Mayi, mabelo akudikira lole. Fodya sadziwa chinkhoswe."

Kungonyamuka osatsanzika kunali kotheka, miyendo anali nayo. Koma mnzake Masozi anachita zomwezo mwezi wathawu popita kumaliro a malume ake, pobwera anapeza mapoto ake ali panja, m'nyumba mwalowa ena. Nyumba za pa esiteti zimayendera ntchito. Felesiya anali ndi ana ena awiri a pasukulu, ndipo mwamuna wake Wilson ankangopalasa kabaza pa Mitundu. Njinga sifolera ana.

Jenipher, amene ankakhala naye moyandikana posankha fodya, anafika Fomu 3 ndipo wailesi sinkachoka pakhutu pake. Ndiye anamunong'oneza.

"Anzanga, lero ndi tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chinayi tisanapume. Lamulo limakana zimenezi. Masiku asanu ndi limodzi, lachisanu ndi chiwiri upume. Ndipo bwana amayenera kukulembera papepala nthawi yoyamba, nthawi yoweruka, zonse. Si mapepala aja tinadinda chala chaka chatha, a kampani yogula fodya atabwera kudzayendera?"

Felesiya anakumbukira pepalalo. Lake analisunga bwinobwino m'sutikesi, pansi pa yunifomu ya chigwirizano. Ataweruka anathamangira kunyumba, kutsegula sutikesi, kufufuza, n'kupeza kachidutswa kotalika ngati chala. Panja Wilson anali atakhala pa njinga yake yogonekedwa, utsi wa chingambwe uli tolotolo.

"Bambo a Tamanda, pepala langa lili kuti?"

"Pepala liti, mayi?"

"Musandiyankhe ngati muli kupolisi. Mukusuta chiyani apo?"

Wilson anayang'ana ndudu yake ngati akuiona koyamba. Kenako anavomera, koma mwaulemu wake, ngati munthu woyamikira mphatso. Anati pepalalo linali lofewa, losakanda pakhosi, losiyana ndi nyuzipepala imene imanunkha inki. Anati analiyamba nthawi ya Khirisimasi, pang'onopang'ono, osawononga.

"Mwasuta ntchito yanga! Mwasuta chinkhoswe cha mwana wanu, bambo inu! Koma Mulungu, amuna ena amabweretsa shuga panyumba!"

Anapita kwa Jenipher akutukwana njira yonse, kuti akabwereke lake. Jenipher anayang'ana pansi. Amuna ake nawonso analimaliza kalekale. Awiriwo anazungulira nyumba zonse za antchito madzulo amenewo, ndipo zimene anapeza n'zochititsa manyazi: esiteti yonse inali itasuta makontirakiti ake. Mwayi unali umodzi, wakuti osuta sagwirizana poyambira. Wina amang'amba kumwamba, wina kumunsi, wina m'mbali ngati mbewa. Uyu anatulutsa mutu wa pepala m'chipewa, uyo anasolola mchira wake kudenga. Madala ena anazimitsa ndudu ili pakamwa, n'kuifunyulula, n'kupereka kachidutswa kopserera m'mphepete.

Lachitatu ataweruka, amayi awiriwa anamata zidutswazo pa katoni ndi phala la ana. Pepala linatuluka lathunthu, lamabalamabala, lonunkha fodya. Jenipher anayamba kuwerenga Chingerezicho akulondola ndi chala, akumasulira.

"Dzina la wantchito. Ntchito yake. Nthawi yoyamba ntchito..." Anaima.

"Nthawi yanji?"

"Madontho."

"Madontho chiyani?"

"Palibe chimene analemba. Nthawi yoweruka, madontho. Tsiku lopuma, madontho. M'munsimu ndiye muli siginecha ya bwana ndi chala cha munthu."

Felesiya anakhala pansi. Anthu makumi anayi anaima pamzere tsiku lija, atasamba, kudinda chala pa madontho, alendo n'kuwajambula chithunzi. Anakwiya zedi, ndipo sanakwiyire Wilson tsopano.

Lachinayi chitsulo chitalira, Felesiya sanalowe m'chigafa. Anasenza katoni yake pamutu n'kulunjika ku ofesi, Jenipher pambuyo, amayi ena pambuyo pa Jenipher, amuna osuta aja kumapeto kwenikweni. A Gilibati, manijala wa esiteti, anali akumwa tiyi pakhonde. A Efulemu anafika akupuma wefuwefu.

Felesiya anagwada, chifukwa ulemu sagula, n'kuika katoni pafupi ndi kapu ya tiyi.

"Bwana, pepala lanu ili. Mwina cholembera chinatha inki tsiku lija. Tabwera kuti mumalize."

A Gilibati ananunkhiza katoniyo, n'kuibweza kutali. "Zimenezi amaona ndi a kapitawo."

"A kapitawo akhala akuona zaka zisanu, bwana, maso atopa. Ingolembani. Tidziwe tsiku lake, tikauze abale athu kuti azimwalira liti, azikwatiwa liti."

Kumbuyo wina anaseka, n'kusandutsa chifuwa. Jenipher anatsokomolanso, n'kunena ngati akulankhula ndi mtengo kuti minibasi ya ku Lilongwe siivuta pa Mitundu, ndipo a ofesi ya zantchito akhoza kuikonda katoni imeneyi. A kampani yogula fodya nawonso amakonda zithunzi.

A Gilibati anasiya tiyi. Anatulutsa cholembera m'thumba la malaya. Pa madontho oyamba analemba seveni koloko. Pa achiwiri, folo koloko. Atafika pa achitatu, Felesiya anasendera ndi mawondo.

"Loweruka, bwana. Ngakhale la sabata ino lokha."

"Lole ikubwera Loweruka," anatero a Efulemu.

A Gilibati analemba, n'kuwerenga mokweza kuti onse amve: "Lamulungu. Lamulungu lililonse."

Eee, chisangalalo chake! Amayi nthungululu, amuna kuponya zipewa m'mwamba ngati si omwewo anasuta pepalalo. Madala aja anagwira Felesiya dzanja n'kumutcha loya. Mayi wina analira, akuti zaka zitatu sanadye mgonero kutchalitchi. Felesiya anadikira phokoso lithe, akadali chogwada.

"Nanga tchuthi, bwana? Tsiku limodzi lokha. Mwana wanga woyamba."

A Gilibati anatsitsa chala pa katoni paja mpaka pa kachidutswa kopserera. Anamwetulira kwa nthawi yoyamba m'mawa umenewo.

"Apa akuti tchuthi muzipempha polemba kalata, kudakali mwezi. Munalemba?"

"Ndinauza a kapitawo katatu."

"Pakamwa. Mayi, mwabwera nokha kudzafuna zolemba. Kuyambira lero tiziyendera zolemba. Wojomba Loweruka wadzichotsa yekha."

Anthu anabwerera kuchigafa akuimba. Ambiri sanamve n'komwe mawu omalizawo.

Loweruka Wilson anavala jekete yobwereka, kukweza ana awiri aja pa kabaza, ndi nkhuku, ndi chitenje chatsopano chimene Felesiya anagula kuti akavale yekha. Ananyamuka ulendo wa ku Nathenje mutu uli pansi, ndipo m'thumba mwake munalibe fodya. Chitsulo chinalira seveni koloko yeniyeni. Felesiya anakhala pamalo pake, mulu wa masamba patsogolo, ofiira uku, owala uku, ong'ambika uko.

Dzuwa litapendeka foni inanjenjemera m'chitenje. Anayang'ana a Efulemu, amene anali pakhomo kuwerenga mabelo okwera lole, n'kuiika pakhutu. Munali ng'oma, zoimbira, phokoso la anthu okhuta.

"Amayi?" Anali Tamanda. "Ankhoswe alowa. Bambo akuti mukubwera pambuyo. Mwafika pati?"

Wilson, wamantha uja, sanamuuze mwanayo kuti mayi ake sabwera.

"Amayi, mukundimva? Mpando wanu taika kutsogolo. Ena amafuna kukhalapo, ndawakaniza. Ndawauza kuti adikire pang'ono, musanafike sindituluka."

"Tuluka, mwanawe," anatero Felesiya. "Usawadikiritse eni ake. Tuluka, ndikukuona."

"Mukundiona muli pati?"

Felesiya anaimirira, fodya n'kugwa pamiyendo pake. Anakweza foni m'mwamba, n'kuika dzanja pakamwa, n'kuyamba nthungululu ya mayi wa mwana. Inakwera bwino, koma pakati inathyoka, n'kusanduka kulira. Jenipher anaitola pomwepo. Kenako mayi wa pambali pake, kenako mzere wonse, chigafa chonse, amayi makumi atatu manja akuda ndi fodya, kululutira mwana amene ambiri sanamuonepo. A Efulemu anatembenuka kuti akalipe, koma anangobwerera ku mabelo awo.

Phokoso litatsika, Felesiya anabwezera foni pakhutu. Tamanda anali akuseka ndi chimwemwe, akufuulira anthu a kumeneko.

"Afika! Amayi afika ndi anzawo, ndawamva! Tsegulani njira, ali panja!"