Chitsa cha Mtengo wa Mapeyala

Kunja kunacha kopanda mtambo, ndipo dzuwa linkamenya masola onse opanga magetsi padenga la a Eusebio. Kuti lizifika chotero, chaka chatha anadula mtengo wa mapeyala umene anabzala malemu akazi awo, popeza kampani ya magetsi inkawatsitsira bilu akaipatsa magetsi otsala.

"Aneba, mwamva pa wailesi?" anakuwa mayi Nereida atatsamira mpanda. "Aphungu asintha lamulo. Magetsi anu aja kampani izingotenga ngati aulere. Bola mapeyala aja, tinkadyako tonse!"

A Eusebio anayang'ana chitsa cha mtengowo, pamene akazi awo ankakonda kukhala akamasankha khofi. Chinali chitayamba kale kufumbwa. Kenaka anatunga madzi m'ndowa, nakachithirira.